Munawauza Kuti Amayi Anatisiya

Lachinayi, 14 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tadzuka, ngakhale kadzukidwe kake ndi kamene kandigwiritsa cholembera lero. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumandidula pakamwa, ndipo ndikangoyamba kukweza mawu mumati netiweki yavuta. Pepala lilibe netiweki. Muwerenge mpaka pansi, ndipo mukamaliza musandiimbire nthawi yomweyo. Muyambe mwagona nayo nkhaniyi.

Ndakwiya nanu, achimwene. Ndanena poyambirira kuti musavutike kufunafuna m'mizere. Chibadwire changa sindinakuyankhenipo mwano, ndipo lero sindiyamba, koma ulemu si kutseka pakamwa denga likupsa.

Inu Bambo mumawamva Lamlungu lokha, atasamba, atadya, nditawakhazika bwino pampando n'kuwaikira foni pafupi. Mumamva mawu okha, ndipo mawu awo sanakalambe, ndiye mumati, "Komatu akumveka bwino." Lekani ndikuuzeni za munthu amene mawuwo amatulukamo.

Mpando wawo wometera uja, wachikopa chong'ambika kumsana, tinauchotsa ku shopu n'kuuika pakhonde. M'mawa amakhala pambali pake kudikira makasitomala. Amapukuta galasi ndi mkono wa malaya, amayala zipeso patebulo kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono, kenako amayang'ana kumsewu. Masizasi ndi malezala ndinabisa kalekale. Ndevu ndimawameta ndine ndi makina, ndipo nthawi zonse amandidzudzula: "Amayi, dzanja lanu ndi lolemera. Amene anakuphunzitsani ntchitoyi ankameta nkhosa."

Mwamva mmene amanditchulira? Amayi. Inu. Munthu amene anandinyamula pakhosi kupita nane kusukulu tsiku loyamba, lero ndikamupatsa madzi amandithokoza ngati mlendo: "Zikomo kwambiri amayi, mwatithandiza." Ndimalakalaka atandikalipira ngati kale kuti, "Iwe, tseka chitseko icho!" Adokotala anati matenda oiwalawa amatero, amayamba kufufuta zapafupi, zakale n'kutsala. Ine ndili pafupi kwambiri, ndiye ndinafufutika msanga. Inu muli kutali, mudakali owala. Akangomva mawu anu nkhope imatseguka: "A Jaji! Milandu ikuyenda bwanji?" Dzina limeneli anakupatsani muli mwana, muja munkasesa tsitsi ku shopu Loweruka n'kumakonza aliyense wolakwitsa nkhani, ngakhale kasitomala ali ndi thovu kumaso. Ndinganame nditati sindichita nsanje. Koma nsanje si imene yandilembetsa kalatayi.

Funso lawo lalikulu ndi limodzi, ndipo mukulidziwa. Dzuwa likapendeka amayamba kusuzumira kugeti: "Kodi mayi a m'nyumba muno sanabwerebe?" Ine ndinkayankha kuti, "Ali kuntchito, Bambo." Iwo ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, buledi wamadzulo sanatuluke mu uvuni," n'kubwerera ku zipeso zawo mtima uli m'malo. Inu mumati limeneli ndi bodza. Ine ndimati linali yankho loona zaka zonse zimene Amayi anagwira ntchito m'sitolo ya buledi ija, ndipo Bambo akukhala m'zaka zimenezo. Ndani wa ife ali ndi mphamvu yowasamutsamo?

Koma a Jaji sanama. Lamlungu loyamba limene anakufunsani kuti, "Amayi ako ali kwanuko?" munayankha mosazungulira: "Bambo, Amayi anamwalira chaka chatha." Kenako munatsanzika, poti nthawi ya tchalitchi inali itakwana kwanuko. Zotsatira zake simunazione. Ine ndinaziona. Anatsetsereka pampando n'kukhala pansi, akulira ngati uthenga wangofika kumene, chifukwa kwa iwo unali utangofikadi. "Mwamuika popanda ine? Anakulolani ndani? Mwamuveka chiyani?" Anafunafuna nsapato kuti athamangire kuchipatala. Ine ndi amuna anga, alamu anu, tinawagwira mpaka mphamvu zinawathera. Lolemba m'mawa anadzuka ataiwala zonse, akufunsa tiyi. Lamlungu lotsatira munabwerezanso. Inu munaika maliro a Amayi kamodzi n'kukwera ndege. Ine ndinkawaika sabata iliyonse.

Ndinakupemphani. Munati, "Mlongo wanga, sindinganamize bambo ondibereka. Kuwauza zoona ndiye kuwalemekeza." Ndinati chabwino, ngati kunama kukukanikani, ingopatutsani nkhani, afunseni za mpira, za makasitomala akale. Munati muganizira. Ndipo munaganiziradi. Munakapeza mawu ofewa, mawu aulemu, amene tonsefe timanena polengeza zovuta kuti tisatchule imfa pakamwa. Ndikudziwa kuti munkafuna kuchita bwino. Zimenezo n'zimene zikundipweteka kwambiri, chifukwa woipa ndikanangomutsekera foni.

Ndinali chiimire pambali pawo ndi kapu ya tiyi, foni ili patebulo pakati pa zipeso.

"A Jaji, amayi ako sakuoneka kuno. Ali kwanuko?"

"Ayi Bambo. Pajatu Amayi anatisiya."

Ndinawayang'ana Bambo. Sanalire. Anayang'ana foniyo ngati yawalavulira.

"Anatisiya?"

"Eya Bambo, papita nthawi tsopano."

"Anapita ndi ndani?"

Munaseka pang'ono, kaseko kanu kaja ka munthu amene waponda m'matope atavala nsapato zatsopano, n'kunena kuti, "Aaa Bambo, tiyeni tikambe zina. Kunja kukuzizira kumeneko?"

Achimwene, tsiku lokhalo limene munafunika kunena zoona zonse, ndi limene munasankha kupatutsa nkhani.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti pofika Lolemba ziiwalika monga zinkachitikira. Sizinaiwalike. Imfa inkawabaya n'kutuluka, koma izi zinalowa n'kumanga nyumba. Nditawafotokozera adokotala, anati zimachitika: mawu amachoka m'mutu koma ululu umatsala, monga fungo la utsi m'chovala ngakhale moto utazima. Anati nthawi zina munthu amagwira chinthu chimodzi n'kukanirira, ndipo palibe amene anganene chifukwa chake wagwira chimenecho n'kutaya zina. Bambo aiwala dzina la msewu wathu, aiwala kuti chimbudzi chili mbali iti, koma sakuiwala kuti mkazi wawo anawathawa.

Madzulo omwewo ndinawapeza kuchipinda atatsegula kabati ya zovala. Mukukumbukira kuti titaika maliro, ine ndi alamu anga tinalongedza zovala za Amayi n'kuzigawa, inuyo n'kunena kuti ndi bwino kuti Bambo asamazione. Ndiye anaima pamenepo akugwedeza mahang'ala opanda kanthu ndi chala, limodzilimodzi. Anati, "Watenga zonse. Ngakhale nsapato za ku tchalitchi. Ameneyu sabweranso."

Ndinati, "Bambo, Amayi ali kuntchito."

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati wodwala ndine. "Amayi, ndinu munthu wabwino, koma musandinamize. Mwana wanga wandiuza, ndipo uja sanama."

Mwaona chimene munachita? Yankho langa limene linkawagoneka mwamtendere munaliswa ndi liwu limodzi, ndipo simunandisiyire lina.

Kuyambira pamenepo anayamba kudziimba milandu. Amakhala pakhonde akuwerengetsera zala, milomo ikugwedera. "Kodi n'chifukwa cha wailesi ija ndinagula osamuuza? Kapena ndinkanunkha mafuta a tsitsi? Akanandiuza, bwenzi ndikusamba kawiri." Achimwene, awa ndi Bambo amene chikwatire sanagonepo kunja. Awa ndi aja ankatseka shopu mofulumira mvula ikamabwera kuti akawachingamire Amayi ndi ambulera, makasitomala n'kumanyinyirika ndi mitu yometedwa theka. Ndi aja Lamlungu masana ankawakhazika Amayi pampando wakukhitchini n'kumawadula nsonga za tsitsi pang'onopang'ono, ngakhale panalibe chodula, ife tikuwaseka pawindo. Munthu ameneyo lero akufunafuna m'moyo wake wonse tchimo limene sanachite.

Zina mukanaseka. Amakanika a nyumba yoyandikana nafe, aja Bambo anawameta kuyambira ali ndi tsitsi mpaka dazi, anabwera kudzawalonjera monga amachitira. Bambo anawagwira ovololo pakhosi.

"Ndiwe! Unkabwera kudzameta sabata iliyonse. Dazi limametedwa? Unkafuna chiyani pakhomo panga?"

Amakanika, osauka, anakweza manja m'mwamba. "Akulu, tandiyang'anani bwino. Ndi mimba yangayi, mayi aja akanandiponyera diso n'komwe? Ngakhale akazi anga amandiyang'ana mwaulemu chabe."

Bambo anawayang'ana kuyambira kudazi mpaka kuphazi, n'kuwasiya. "N'zoona. Sangatero."

Alamu anu anaseka mpaka kutsokomola. Inenso ndinaseka, kenako ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Kudya anasiya. Ndikawaikira mbale amaikankha: "Munthu wothawidwa sadya, anthu angati sizikumukhudza." Lamba wawo ndinakabooletsa bowo lina. Ndinkakuuzani pa foni kuti Bambo sakudya, inu n'kumati ndiwagulire mankhwala obweretsa chilakolako cha chakudya. Ndinayesa kukuuzani chifukwa chake, koma netiweki inavuta.

Tsopano imvani za Lachiwiri la sabata yatha, zimene munangomva mutu wake.

Ndinali m'kalasi, choko chili m'manja, pamene mayi amene amatithandiza masana anandiimbira akulira. Anali kuseri akuyanika zofunda, pobwera anapeza geti lili pululu, mpando uli wokha. Musawaimbe mlandu mayi aja. Munthu mmodzi sangachape mikodzo kuseri n'kulondera geti kumaso. Ndinawasiya ana asukulu ndi samu yosamaliza pabolodi. Kunyumba ndinapeza mpando wakukhitchini uli pafupi ndi kabati, chitini chimene ndinabisamo malezala chili chotsegula pabedi, m'beseni muli madzi a thovu ofiirira. Munthu amene sadziwa kumene kuli chimbudzi anakwera pampando n'kupeza lezala pamwamba pa kabati. Ndinaganiza zimene inunso mukuganiza.

Amakanika ndi amene anati, "Aphunzitsi, munthu wofuna kudzivulaza sapaka thovu. Akuluwa adzikonza. Apita kukaona mkazi." Tinakwera galimoto ya kasitomala wawo imene inalibe chitseko chimodzi, n'kulunjika ku sitolo ya buledi.

Sitolo ija kulibenso, ngati simukudziwa. Nyumba ndi yomweyo, masitepe ndi omwewo, koma muli mafoni ndi zikwama zake, ndi nyimbo zaphokoso pakhomo. Kuti akafike kumeneko anadutsa msewu waukulu uja wa malole, okha. Mmene anawolokera sindidziwa, ndipo sindifuna kudziwa.

Tinawapeza ataima pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja. Anavala jekete lawo lakuda la paukwati wanga, tayi atamanga bwino kuposa mmene inu mumamangira, koma kumunsi anali ndi buluku logonera ndi nsapato zosiyana. Kumaso anali atadzicheka malo angapo, n'kumatapo tizidutswa ta nyuzipepala monga ankachitira ndi makasitomala. Magazi anali atatsikira pakolala. Mtsikana wogulitsa m'sitolomo, Mulungu amudalitse, anali atawatulutsira mpando, koma anaukana. Anamuuza kuti wopepesa sakhala pampando.

Mtsikanayo anandinong'oneza kuti, "Ndi bambo anu? Afika kalekale. Akuti ndikaitane mayi a pa uvuni. Ndawauza kuti kuno kulibe uvuni, akuti ndisawabisire."

Ndipo Bambo anamuyandikira n'kunena mofatsa, ine ndikumva: "Mwanawe, pita ukangowauza kuti ndabwera. Sindikudziwa chimene ndinalakwa, koma ndapepesa. Ngati safuna kubwerera, angotuluka ndiwaone, ndidziwe kuti akudya."

Pambali panali anyamata ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu, mafoni ali m'mwamba, akujambula. Wina anakuwa kuti, "Madala afunsira! Limbani madala, alola!" Anzake n'kumafa ndi phwete. Amakanika anatulutsa sipanala m'thumba la ovololo, n'kungoyenda molunjika kumene kunali anyamatawo. Anabalalika. Koma zimene anajambula zili m'mafoni a anthu, ndipo mwina tsiku lina zidzakufikani kwanuko, muone bambo anu akusekedwa atavala buluku logonera. Mukadzaziona musadzafunse kuti mlongo wanga anali kuti.

Ndinawagwira mkono. "Bambo, tiyeni kunyumba."

"Pitani amayi, zikomo. Ine ndidikira. Akaweruka adutsa pano."

Ndinayesa zonse. Ndinati Amayi adzera khomo lakuseri, ali kale kunyumba. Anati ndisawanamize. Ndinati kukubwera mvula. Anayang'ana kumwamba n'kunena kuti ikabwera ndi bwino, mwina awamvera chisoni. Dzuwa linali likuwawotcha pamutu, ndipo ndinaona kuti munthuyu agwa pomwepa koma sachoka.

Ndiye ine, amene ndinakulimbanani nanu miyezi yonseyi kuti musatchule liwu lija, ine amene ndinkazimitsa wailesi ikayamba kulengeza zamaliro, ndinawakhazika pa sitepe, n'kugwada patsogolo pawo pafumbi, anthu akudutsa, n'kunena ndi pakamwa panga.

"Bambo, Amayi sanakuthaweni. Amayi anamwalira."

Ndinawagwira manja n'kupitiriza.

"Anadwala, Bambo. Tinapita nawo kuchipatala. Inu simunachoke pambali pawo, anamwino ankachita kukuthamangitsani, inu n'kubwereranso. Tsiku lomaliza munawapesa tsitsi ndinu, ndi chipeso chaching'ono chija. Anakuuzani kuti mukukoka, inu munati chikhalire simunakokepo munthu tsitsi. Anaseka. Madzulo ake anapita."

Ndinakonzeka kuwagwira, poti ndimadziwa mmene kulira kwake kumayambira. Koma anafunsa motsitsa mawu:

"Anamwalira ali mkazi wanga?"

"Eya, Bambo."

"Sanapite ndi munthu?"

"Ayi. Anapita ali m'manja mwanu."

Anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula thumba la simenti. "Ohoo," anatero. "Ohoo. Ndiye bwino." Kenako analira, koma kunali kulira kwina, kopanda kudzimenya pachifuwa. Analira atatsamira paphewa panga, tizidutswa ta nyuzipepala tikumatirira pabulauzi yanga. Mtsikana wa m'sitolo uja anazimitsa nyimbo.

Achimwene, munayamba mwaonapo munthu akuthokoza pouzidwa kuti mkazi wake anamwalira? Ine ndinamuona, ndipo ndi bambo anga. Kumeneko n'kumene liwu lanu linatifikitsa.

M'galimoto pobwerera anandigunda ndi chigongono. "Iwe, ndili ndi njala." Iwe. Amakanika anandiyang'ana pagalasi, n'kuyang'ananso kumsewu mofulumira. Kunyumba anadya mbale yonse, n'kupempha ina. Pomaliza kudya ndinali nditabwerera kukhala amayi.

Ndikanakhala mlembi wa nthano, nkhani ikanathera pamenepo. Koma m'mawa mwake ndinawapezanso pa kabati, akugwedeza mahang'ala. Ndipo m'mawa winawo. Imfa amaiiwalabe monga kale, koma kuthawidwa sakukuiwala. Ndiye tsopano ntchito yanga ndi iyi: ndisanapite kusukulu ndimakhala nawo pabedi, ndimawagwira manja, n'kuwauza kuti Amayi anamwalira. Ndimafotokoza za chipatala, za anamwino, za chipeso. Amalira, amapuma, kenako amamwa tiyi. Ndimawapha Amayi m'mawa uliwonse kuti Bambo adye. Ndikatero ndimasamba kumaso n'kupita kukaphunzitsa ana a eni kuchotsera ndi kuphatikiza.

Ndipo si masiku onse amene amandikhulupirira. Masiku ena amandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundisisita dzanja. "Mwayesetsa amayi, nkhani yanu ndi yabwino. Koma mwana wanga anandiuza." Tsiku loterolo sadya.

Inu mutamva kuti anasochera, munanditumizira uthenga wautali pa foni. Munati mwafufuza, mwapeza nyumba yosamalirako okalamba kumene kuli mpanda ndi mlonda, ndipo muli okonzeka kusenza zonse. Munati ndatopa, ndikufunika kupuma. Zikomo poona kuti ndatopa. Ndinapita kukaiona nyumbayo Loweruka, kuti musati mlongo wanu amangokana zinthu asanazione. Ndi yaukhondo. Anamwino ake ndi aulemu, mabedi ali ndi zotchingira, pabwalo pali mitengo ndi mabenchi. Sindikunyoza. Mwina tsiku lidzafika loti ndidzawaperekeze kumeneko, chifukwa msana wanga si wachitsulo, ndipo za mmene tikukhalira ine ndi alamu anu m'nyumba muno tisakambe lero. Tsikulo likadzafika sindidzachita manyazi.

Koma taganizani. Munthu amene akukhulupirira kuti mkazi wake anamuthawa, timutenge, timusiye pakati pa alendo ndi kachikwama, ife n'kutuluka pageti. Adzati chiyani mumtima mwake? Ndipo m'mawa akadzatsegula kabati ya kumeneko, adzamuyankha ndani? Namwino adzati, "Musadandaule agogo, abwera." Sadziwa za chipeso. Mpanda umaletsa munthu kutuluka, achimwene, koma suchotsa chimene chikumutulutsa. Ine sindilola kuti Bambo apite kulikonse, kaya ku nyumba imeneyo kaya kumanda, akuganiza kuti Amayi anawakana. Amayi sangadziyankhire. Anachapa makolala a bambowa moyo wawo wonse, ndipo sakuyenera kumalizira ngati mkazi wothawa banja m'mutu mwa mwamuna wawo.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Inu munasiya mlomo m'nyumba muno, ndipo ndikuukolopa ndine.

Chimene ndikupempha ndi chimodzi. Musanditumizire kanthu, sitikusowa sopo. Bwerani. Pemphani tchuthi kuntchito, auzeni kuti bambo anu akudwala, simukhala mukunama. Mudzakhale pampando wachikopa uja, Bambo akuvekeni nsalu pakhosi, akuyendetseni chipeso m'mutu. Akadzakufunsani, mudzawayang'ane m'maso n'kunena kuti, "Bambo, ndinalakwitsa mawu. Amayi anamwalira, sanakuthaweni." Inu amakukhulupirirani. Liwu linalowa ndi mawu anu, mwina lidzatuluka ndi mawu anu omwewo. Adokotala sanandilonjeze kuti zitheka, inenso sindikukulonjezani. Mwina mudzafunika kunena m'mawa uliwonse mpaka tchuthi chithe. Mudzanene.

Ndikudziwa chimene mukuganiza: bwanji osangonena pa foni Lamlungu likubwerali? Ayi. Pa foni mwanena zokwanira. Wonena mawu amenewa ayenera kukhalapo kuti agwire munthuyo akamagwa, amupukute mamina, adikire mpaka kulira kuthe, osati kuyang'ana wotchi n'kutsanzika. Mpaka mutabwera, Lamlungu foni izikhala m'chikwama changa. Mukaimba ndiyankha ndine, ndikuuzani mmene agonera ndi mmene adyera, koma kwa iwo sindikupatsirani. Mundikwiyire ngati mukufuna. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo woyamba kubadwa ndinu.

Musachedwe poganizira. Masiku ano akumatsamwa ndi madzi omwe, ndipo adokotala atamva zimenezo anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Sananene zambiri, inenso sindinafunse.

Chipinda chanu chakale chilipo. Muli makatoni a matewera a akuluakulu ndi njinga ya olumala imene Bambo amaikana, koma ndisuntha, bedi likwana. Mubwere ndi juzi, m'mawa kukuzizira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu yofunda imene anatumiza ija Bambo amaikonda, amati anawapatsa ndi kasitomala. Ana muwapsompsone, muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale, kungoti manja adzaza. Alamu anu akuti moni, akuti akakuchingamirani ku bwalo la ndege ngakhale pa galimoto yopanda chitseko. Amakanika akuti mubwere ndi tsitsi lokwanira, poti lawo linatha ndipo akuluwa akusowa pogwira.

Bambo ndawauza kuti ndikulembera a Jaji, ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiikemo. Anali pakhonde, akupukuta galasi. Anasiya kupukuta, n'kuyang'ana kugeti nthawi yaitali. Kenako anandifunsa kuti, "Kodi mnyamata ameneyu sakuoneka bwanji? Nayenso anatisiya?"

Sindinadziwe ngati akufunsa kusiya kothawa kapena komwalira. Ndawauza kuti ndifunsa.

Ndiye ndafunsa.

Ine mlongo wanu,
amene amakukondanibe ngakhale wakwiya nanu.